A Bizwell Aphunzitsa Apongozi Atafulatirana

Fort Jameson,
Okutobala, 1944.

Okondedwa alongo anga a Mainess,

Moni kumudziko. Muli bwanji inu, alamu anga ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja ukuwamvera? Ndinamva kuti tsopano akuyendera ndodo. Muwaletse kupita okha kudimba, mudziwo uli ndi adzukulu ambiri ongodziwa kutsuka mbale ndi lilime. Ine kuno ndili bwino, kungoti ndada bii ndi dzuwa komanso utsi wa uvuni. Mukadzandiona mudzandizindikira ndi mano okha.

Kalatayi muwawerengere amayi mokweza, ndipo musalumphe paliponse. Pamene ndaphonya polemba mungokonza ndi pakamwa panu. Paja mukudziwa kuti ine ndi sukulu tinasiyana mwamtendere ndili mu Sitandade Wani, palibe anamulirira mnzake.

Ntchito ndikadali pa yomwe ija youmba njerwa pa sukulu ya uphunzitsi ya amishoni, kunja pang'ono kwa Boma, pomwe akuphunzira akulu athu a Bizwell. Tikumanga nyumba yogona ophunzira. Sabata yatha chikombole chinandigwera pachala chachikulu cha kumwendo, chikhadabo n'kuchoka. Akapitawo, m'malo mondipepesa, anayamba aona kaye ngati chikombolecho sichinasweke.

Ku Boma kulibe zambiri. Nsalu zasowa m'masitolo a Amwenye, ati zonse zikupita kunkhondo. Matayala a njinga nawonso kulibe, anthu akungophatikamo udzu wouma. Ndinaona kalaliki wina wa tayi akutsika phiri pa njinga yotero, mbuzi zikumuthamangira pambuyo.

Koma ndisakutayitseni nthawi, nkhani imene ndalembera ndi ya a Bizwell. Khalani pansi bwinobwino.

Mukudziwa kuti chino ndi chaka chawo chomaliza. Mayeso a papepala analemba kale, ndipo anayenda bwino. Koma pano pali mayeso ena omaliza, amene amawaopa onse. Wophunzira aliyense amapatsidwa kalasi yake ya anthu akuluakulu, ife antchito ndi anthu a m'midzi yoyandikana nayo, kuti aziwaphunzitsa masana onse m'chisakasa cha udzu. Asanayambe, kumabwera woyesa wa boma. Ndi mzungu wamtali wopanda tsitsi, ife timangomuti a Dazi, ndipo amayenda ndi womuthandiza, munthu wathu wofatsa dzina lake a Edmond. Awiriwa amayesa munthu aliyense wa m'kalasimo, kuwerenga, kulemba ndi masamu, n'kuona pamene wakakamira. Kenaka amachoka. Dzuwa likafika potentha amabweranso kudzayesa anthu omwe aja. Mtunda umene anthuwo ayenda kuchokera pamene anakakamira paja, ndiwo malikisi a mphunzitsi.

A Edmond anatimasulira kuti boma silikufuna kudziwa zimene zili m'mutu mwa mphunzitsi, chifukwa zimenezo linaziona kale papepala. Likufuna kuona zimene wakwanitsa kusiya m'mitu ya ena. Ati mlimi samuyamikira khasu, amapita kukaona kumunda. Kalasi ikapezeka ili pomwe inali, mphunzitsiyo setifiketi sapatsidwa, zaka zonse zija zimangothera m'madzi. Ndiye kuti ndi sukulu ya kwathu ku Kasenengwa ija, imene amishoni analonjeza a Bizwell, ikanapita kwa wina.

Ine ndinalembetsa nawo kalasiyo. Ndisaname kuti ndinali ndi ludzu la maphunziro. Olembetsa amaweruka msanga kumatope, ndipo m'chisakasamo muli mthunzi. Pondiyesa koyamba ndinawerenga mizere ingapo ngati ngolo yodutsa pamiyala, pa masamu ogawa ndinangoyang'ana kudenga. A Dazi analemba kenakake kafupi kwambiri.

Makalasi anagawidwa mwa maere, ndipo a Bizwell inawagwera yathuyi. Tsiku loyamba anabwera atatchena, kabudula wosita, choko m'manja. Atangolowa m'chisakasa, maso awo anagwera pa mphasa ya kutsogolo. Alongo, pamphasapo panali a Zelipa, mayi wawo wa alamu athu a Olipa. Apongozi awo enieni!

Paja mudzi wa a Olipa uli kuseri kwa sukulu komweku. Mwana wamwamuna wa a Zelipa, Samson, anapita kunkhondo ndi asilikali. Makalata ake akabwera amawawerengera anthu ena, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse umakhala utadziwa zam'kati. Komanso iwo amakayika kuti owerengawo amalumpha zoipa powamvera chisoni. Ndiye analumbira kuti kalata ya mwana wawo adzaiwerenga okha ndi maso awo, ngakhale imvi zili mbuu. Analembetsa sukuluyo asakudziwa kuti maere agwera ndani.

A Bizwell anatembenuka ngati alumidwa ndi mavu, n'kuima mphuno ili pa bolodi. A Zelipa nawo anakoka mphasa yawo, n'kukhala moyang'ana mpanda wa udzu, nsalu ili kumutu. Ine ndinaluma malaya kuti ndisaphulike, koma sizinathandize.

Madzulo ake a Bizwell anakapempha mkulu wa sukulu kuti awasinthe kalasi. Anawakana, ati maere ndi maere, ndipo anthu anayesedwa kale, sangasunthidwe. A Olipa anakachonderera mayi awo kuti asiye. A Zelipa anayankha kuti iwo ndi amene anayamba kufika m'chisakasamo, ngati pali wochoka achoke mkamwini. Ati Samson sanapite kunkhondo ndi chilolezo cha mkamwini, ndiye kalata zake sizingadikire mkamwini.

Basi, pakamwa pa onse awiri ndinakhala ine. A Bizwell amalankhula ndi bolodi, kundiuza kuti Boaz, uwauze amayi kuti chilembo ichi ndi chakuti. Ine n'kutembenuka kuwauza amayiwo, chonsecho akhala pafupi moti akanatha kupatsana fodya. A Zelipa n'kuuza mpanda kuti Boaz, uwauze aphunzitsi kuti ndamva, sindine gonthi. Ine n'kubweza uthengawo ku bolodi.

Mukundidziwa, sindikanatha kunyamula mawu a anthu osathirako kamchere. Tsiku lina ndinawauza a Zelipa kuti aphunzitsi akuti chilembo chanu choyamba cha dzina la Samson chikuoneka ngati njoka yopondedwa ndi ngolo. A Bizwell anakuwira bolodi kuti sanatero, thukuta lili kamukamu m'khosi. A Zelipa anauza mpanda kuti ndiwauze aphunzitsi kuti iwo akudziwa amene wanena, ndipo banja lathu likadakhala lachifundo likadandifunira mankhwala ndikadali wamng'ono. Tsiku linanso ndinanena kuti aphunzitsi akupempha mtedza wokazinga. M'mawa mwake mtedza unabweradi, koma a Zelipa anaupereka kwa a Olipa ndi lamulo lakuti wamatope uja asalaweko.

Tsopano ndinene zoona, chifukwa apa ndi pamene ndinayamba kuwaona akulu athu mwa mtundu wina. Mukukumbukira momwe analili pochoka kumudzi? Munthu woti akapatsidwa vesi kutchalitchi mawu ake samamveka ngakhale pa benchi yachiwiri. Anthu ankati ameneyu uphunzitsi sangauthe, bola akanakhala wosunga makiyi. Si a Bizwell amene ndawaona chaka chino.

Poti nkhope zathu samaziona, anaphunzira kutimva. Tikamawerenga tonse pamodzi, amadziwa ndi khutu lokha kuti wasochera ndani, ndani akungotsegula pakamwa kutsatira anzake. Amatchula dzina lako ali chifulatire, iwe n'kudabwa ngati ali ndi maso kunkhongo. Ine anandigwira kambirimbiri. Ndipo poti a Zelipa bolodi samaliona, a Bizwell anabwera kuuvuni kwathu tsiku lina, n'kundipempha dothi. Anaumba zilembo zonse ndi manja awo, zazikulu ngati chikhatho, ine n'kuziwotchera pamodzi ndi njerwa akapitawo atayang'ana kumbali. Zilembozo zimayenda m'manja mwa anthu, aliyense kuzigwira, kuzisanja pamphasa. Kwa a Zelipa anayambira pa zilembo za dzina la mwana wawo. Tsiku limene anasanja okha dzina la Samson, sanatume uthenga uliwonse ku bolodi. Tinangoona mapewa akugwedezeka pansi pa nsalu, ndipo ngakhale ine ndinatseka pakamwa.

Zilembo zadothizo zinathandiza ndi ena omwe. Mkulu wina woyendetsa ngolo, amene choko chimamuthyokera m'manja nthawi zonse, anaphunzirira pomwepo. Ine masamu ogawa anandilowetsa ndi njerwa zanga zomwe, kuti ndizigawire omanga mofanana. Ndinawafunsa chifukwa chake aphunzitsi a kwathu aja sanandiuze kuti masamu ndi njerwa basi. Anati mwina anandiuza, koma ndinali pawindo.

Tsiku la mayeso linafika Lachiwiri lapitalo. Kunatentha moti abuluzi amayenda chothamanga. A Dazi ndi a Edmond anakhala pa tebulo pakhomo la chisakasa, n'kumatiitana mmodzimmodzi. Ine ndinawerenga tsamba lonse, kupuma pamene pali popumira, ndipo samu yogawa ndinaimaliza a Edmond asanamalize kupukuta magalasi. A Dazi anayang'ana pepala lawo lakale lija, n'kundiyang'ana ine, kenaka anafunsa ngati ndili ndi mnzanga wamapasa. Ndinayankha kuti amayi anati mmodzi akwanira.

Anthu ambiri anachita bwino. Koma asanafike kwa a Zelipa, a Dazi anati tsopano akufuna aone mphunzitsi akuphunzitsa. A Bizwell anaima malo awo a masiku onse, msana uli kwa ife, n'kuyamba. Mawu ali bwinobwino, kalasi ikuyankha. Koma ndinaona a Dazi akukwinya pamphumi, pamene kwa iwo ndi malo aakulu ndithu. Itafika nthawi yofunsa a Zelipa, a Bizwell anati Boaz, uwauze amayi, ine n'kutsegula pakamwa. A Dazi anakweza dzanja. Anati ine ndikhale chete, woyesedwa pano ndi mmodzi. Anauza a Bizwell kuti apite okha kwa mayi wayang'ana kumpandayo, akamufunse funso, iwo aone akuyankhidwa.

A Edmond anawerama n'kuwanong'oneza za upongozi. A Dazi anati mwambowo akuudziwa ndipo sakuunyoza. Koma ati kumene akatumizidwe mphunzitsiyu sikukakhala Boaz, ndipo iwo sangalembe kuti munthu amatha kufikira wophunzira aliyense pamene pali mmodzi amene samufikira popanda mthenga. Ati iwo amalemba zimene aona. Kunena zoona, alongo, ndinafuna kumuda mzunguyo koma ndinasowa pomugwira.

Ganizani pamene anaima akulu athu. Akatembenuka n'kulankhula ndi apongozi maso ndi maso, theka la kalasi ndi anthu a m'mudzi wa a Olipa, mawa lake nkhani ili ponseponse kuti mkamwini wa sukulu wavula ulemu. Akakana, setifiketi yapita. Kenaka ndinaona a Zelipa ayamba kupinda mphasa mwakachetechete, kuti atuluke amupulumutse mkamwini. Koma akanatuluka, akanawerengedwa ngati wophunzira wothawa asanayesedwe, ndipo zikanagweranso a Bizwell omwewo. Nthabwala zonse zinandithawa.

A Bizwell anamva kukhwekhwereza kwa mphasayo. Anaika choko pansi, n'kutenga sileti ndi pensulo yake. Analemba mosathamanga. Kenaka anayenda cham'mbali ngati nkhanu, maso ali pansi, mpaka kuseri kwa a Zelipa. Anagwada, n'kuika siletiyo m'mphepete mwa mphasa ndi manja awiri, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono monga tichitira popereka chinthu kwa akuluakulu. Anabwerera cham'mbali momwemo, osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe.

A Zelipa anasiya kupinda. Dzanja linatuluka m'nsalu, n'kukoka sileti. Tinadikira. Timangomva akunong'ona, kulumikiza zilembo. Kenaka pensulo inayamba kulira pa sileti, kwee, kwee, pang'onopang'ono ngati munthu akusema mpini. Analemba nthawi yaitali moti woyendetsa ngolo uja anayamba kupemphera chapansipansi. Atamaliza anakankhira siletiyo kumbuyo kwawo.

A Dazi ananyamuka n'kukaitola okha, n'kupatsa a Edmond kuti awerenge mokweza. Pamwamba panali funso la a Bizwell, lofunsa mwaulemu kuti amayi, mwana wanu ali kuti, ndipo m'kalata yake yomaliza anati chiyani. Pansi pake a Zelipa anayankha ndi zilembo zazikulu zopendama, kuti Samson ali kutali kutsidya la nyanja, anadwala malungo koma wachira, ndipo kalatayo anawerenga okha. A Edmond anaima pamenepo, n'kuyang'anitsitsa m'munsi mwa sileti, kenaka anayamba kuseka mpaka kukhala pansi. A Dazi anafunsa kuti kwalembedwanso chiyani. A Edmond, misozi ili m'maso, anawerenga kuti denga la nkhokwe lawola, mvula yayandikira, mkamwini abwere Loweruka ndi udzu.

Alongo, chisakasa chinatsala pang'ono kugwa! Tangoganizani, chikwatirireni a Bizwell, mawu oyamba kulandira kuchokera kwa apongozi popanda wapakati, ndi a nkhokwe. Amayi ena analuluta. A Bizwell anali chiimire pa bolodi, koma makutu okha amaoneka kuti mwini wake akumwetulira.

A Dazi sanafune kunyengedwa. Anati mwina awiriwa anapangana kale. Anatulutsa buku lawo m'chikwama, limene palibe analionapo, n'kutsegula pakati, n'kuliika pamphasa. A Zelipa analiwerengera mpanda, mawu amodziamodzi, kukhumudwa apa ndi apo koma osagwa, mpaka pansi pa tsamba. Awa ndi mayi amene poyesedwa koyamba anafunsa a Edmond kuti buku amayambira mbali iti. A Dazi anatseka buku lawo, n'kuwathokoza m'Chinyanja chawo chopotoka chija, ndipo anavula chipewa, dazi lonse poyera.

Zotsatira anazilengeza Lachisanu, ophunzira onse atasonkhana pabwalo, ife amatope titaima kumbuyo. A Bizwell akhoza! Ndipo si kukhoza kokha. Mkulu wa sukulu anati mwa makalasi onse, yathu ndi imene yayenda mtunda wautali kuchokera pamene inayambira. Anatinso woyesa wanena kuti anapatsa mnyamatayu chinthu chimene sichili m'buku lililonse la pasukulupo, ndipo anachipezera njira ali chiimire, osanyoza boma, osanyoza kwawo. Anakumbutsa anthu kuti Bizwell yemweyu chaka choyamba ankalephera kutchula dzina lake pamzere. Ine ndinakuwa kuti ameneyo ndi mkulu wanga, bere limodzi! Ndinaponya chipewa m'mwamba, n'kukagwera pa uvuni woyaka. Chipewa chinapita, koma sindikudandaula.

Loweruka tinapita kukafolera nkhokwe ija. Ndati tinapita, koma anakwera pamwamba ndine. Manja a aphunzitsi afewa, amangondipatsira udzu ali pansi n'kumandiuza kuti ndapendamitsa.

Tsopano pempho langa ndi ili, ndipo ndi limodzi lokha. Nkhani ya sileti yagawa akuluakulu a m'mudzi wa a Olipa. Ena akuti kulemba si kulankhula, mkamwini sanalakwe, anagwada ndipo nkhope sanaione. Ena akuti mawu ndi mawu, kaya atuluke pakamwa kaya pa chala, ndipo awiriwa alankhulana asanamasulidwe. Palibe akufuna mlandu, koma onse agwirizana kuti ankhoswe a mbali zonse akumane, nkhuku iperekedwe, apongozi ndi mkamwini amasulidwe mwa mwambo kuti azilankhulana ndi kuonana. A Zelipa ndi amene akufulumizitsa. Ati tsiku lopereka masetifiketi, kumapeto kwa mwezi wamawa, iwo akakhala kutsogolo m'tchalitchi, ndipo sakavala nsalu yawo yabwino kuti akaionetse khoma.

Ndiye chonde, mupite kwa amalume a Abednego, poti nkhoswe wa ukwatiwu ndi iwo. Muwauze anyamuke mvula isanatseke mitsinje, abwere ndi nkhuku. Ikhale nkhuku yooneka, tambala woyera uja wa amayi, osati kankhuku kotsimphina kamene amalume amakonda kupereka pa milandu. Akayamba zoti msana ukuwawa, muwauze kuti a Zelipa tsopano amalemba, ndipo akhoza kuwalembera okha.

A Bizwell sangakupempheni zimenezi, mukuwadziwa, akuti kuvutitsa anthu nthawi yososa minda. Koma ine ndinalipo masana onse aja, ndinauona msana wawo utanyowa ndi thukuta pa bolodi. Amalume akapanda kubwera, tsiku limenelo adzadutsa pakati pa tchalitchi cham'mbali, maso ali pansi, ngati munthu wobwera kudzapepesa. Ine sindikufuna zimenezo. Munthu wagwira ntchito yotere akalandire pepala lake ali chilili, nkhope ili kwa anthu, aliyense amuone kuti ndi mwana wa ndani.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti anabala mphunzitsi weniweni, ndipo winayu nayenso akuyesetsa. Moni kwa alamu anga, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a kutsidya kwa dambo, ndi kwa asuweni anga onse, ngakhale aja amandikana pagulu. Ana anu muwapsompsone, ndipo wamkuluyo mumuuze kuti ndikamva zoti wathawa sukulu ndidzabwera ndi chikombole. A Bizwell ndi a Olipa akupereka moni wambiri.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu wamatope,
Boaz